Chaka Chimene Ndinagwira Khutu

Mwana wanga wachitatu, wamkazi, ali Sitandade seveni, ndipo ndi uja wa mafunso. Anzake aja ukawauza chinthu amangoti chabwino, koma uyu ayi, mpaka afike pomwe chinayambira. Kaya anatengera ndani.

Tsiku lina masana ndikusankha tomato pakhonde, woti mawa lake ndikagulitse pamsika wa pa Kamwendo, anabwera ndi kope n'kukhala pafupi nane. Akuti aphunzitsi awapatsa ntchito. Aliyense akafunse munthu wamkulu zimene anaona nthawi ija dziko limachoka ku chipani chimodzi, alembe, kenako akawerenge pamaso pa kalasi yonse.

"Pita kwa aphunzitsi opuma aja a kuseri kwa tchalitchi," ndinatero. "Iwowo ndiye amadziwa."

"Anzanga asanu apita kale komweko. Ine ndikufuna inuyo."

"Ine ndidziwa chiyani? Tomato?"

"Nanga nthawi imeneyo munali ku Zambia?"

Ndinaseka, ndipo kuseka komweko ndi kumene kunanditsegula pakamwa. Ndinamuuza kuti makolo anga anali matenanti pa esiteti ya fodya konkuno ku Mchinji, kwawo kunali ku Mulanje. Ndinamuuza za khadi ya chipani, yomwe bambo ankaikulunga m'pepala la shuga n'kuika m'chipewa, poti popanda iyo mumsika sulowa. Za msuweni wanga wa ku Chipata, yemwe ankati akayandikira boda amayamba wamanga chitenje pamwamba pa thalauza. Za tsiku losankha pakati pa nyali ndi tambala, bambo atabwera ndi chala cha inki n'kukana kuuza ngakhale mayi kumene aponya.

Iye akulemba, koma pang'ono pang'ono aime. "Chaka chanji chimenecho, amayi?"

"Chitangopita chaka chija mvula inakana, tinadya chimanga chachikasu."

"Amayi, aphunzitsi sangachonge chaka cha chimanga chachikasu."

Ife zaka timasunga choncho, ndiye ndikanatani? Pofuna kumuthandiza ndinati, "Chabwino, chaka chotsatira ndi chimene ndinayamba sukulu, atanena kuti ndi yaulere."

Anatsegula buku lake, akuti 1994. Kenako anangodzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi chitupa changa cha unzika, chomwe ndimasunga m'Baibulo, n'kuyamba kuchotsera manambala m'mphepete mwa kope.

"Amayi, munayamba wani muli ndi zaka fotini?"

Kunena zoona, ana anga sindinawanamizepo. Amadziwa kuti ndinalekeza Sitandade folo. Kungoti sindinanenepo kuti folo ameneyo ndinamusiya ndili namwali wopita kubanja. Iwo ankayesa ndinasiya ndili kamwana, ine n'kuwaleka aziyesa choncho. Kaya kumeneko ndi kunama, kaya si kunama, mpaka lero sindidziwa.

Poti zinali zitaululika, ndinafotokoza. Tsiku lolembetsa ana tinali ngati linthumbu, mzere mpaka kumsewu. Masiku amenewo makalata a kubadwa kunalibe, ndiye mwana ankamuyesa pomuuza kuti adutsitse dzanja pamwamba pa mutu, agwire khutu la mbali inayo. Likafika, wakula, alembedwe. Likapanda kufika, abwerere akayamwe. Tsono ahedi athu anali munthu wa lamulo. Anati aliyense agwire khutu, palibe kusankha. Ine apo maere atayamba kale, msinkhu ndawapitirira madamu amene ankalemba mayina. Kumbuyo kwanga kunali mnyamata wa pa esiteti pathu pomwepo, mawu atasintha kale ngati bambo. Ndinakweza dzanja, linapitirira khutu mpaka kukagwira chibwano. Mzere wonse unagwa nacho chiseko. Ahedi osaseka n'komwe, anangoti, "Wakwana. Wina."

Tinkaphunzira pansi pa mtengo wa mango, kulemba padothi ndi chala. Ine ndinkakhala kumbuyo kuti ndisatchinge tiana. Tinkanditcha mayi a wani, ndipo ndinkatiminadi mamina. Nyengo yosoka fodya ikafika ndinkajomba milungu yathunthu. Komabe dzina langa ndinaliphunzira pamenepo, ndipo izi ndikulembazi zinayambira padothi lomwelo.

Nditatha ndinati, "Za khadi lemba, za nyali lemba. Koma za khutu usalembe, mwanawe. Anzako akakupatsa dzina, ndipo dzina la kusukulu silichoka. Ine alipo mpaka pano amanditi mayi a wani."

Sindinkaopa za ine ayi, kapena ndinene kuti pang'ono. Chachikulu ndinkaopa kuti mwana amene amayenda mutu uli m'mwamba adzayambe kundizemba pamsika, anzake akamaloza kuti mayi ako aja ndi awo.

Iye anati, "M'buku angolemba kuti ana ambiri analowa sukulu. Ine ndimayesa tinali tiana tokhatokha. Sanalembe kuti munali inu. Koma mukakana ndithu sindilemba."

Ndinapitiriza kusankha tomato, wina wabwinobwino ndikumuponya kwa woola. Ndimaganiza kuti inde mwana akhoza kusekedwa, nanga ndikamuletsa ndiye kuti ndamuuza chiyani? Kuti mayi ake analakwa kupita kusukulu? Mmawa ndikumanga dengu ndinamuitana.

"Lemba. Koma ulembenso kuti mu thuu, teremu ina, ndinakhala nambala firi."

"Pa ana angati?"

"Iwe, lemba zimene ndakuuzazo."

Tsiku lowerenga ndinali kumunda, koma khasu limangogwera pamodzimodzi. Ndinaweruka msanga kukamudikira. Ndinamuona akubwera poteropo, ndikuyang'anitsitsa kayendedwe kake ngati kasintha. Anafika, n'kuyamba kufunafuna mbatata mumphika ngati palibe nkhani.

"Anaseka?"

"Eee, mpaka aphunzitsi anagwira tebulo."

"Ndiye iwe?"

"Inenso ndinaseka. Ndinachita kuwaonetsa mmene munagwirira chibwano. Kenako aphunzitsi anati aliyense akafunse kwawo kuti makolo ake anayamba wani ali ndi zaka zingati."

Tsiku la msika lotsatira, ndikuyala tomato, panaima njinga ya kabaza. Mwini wake ndi bambo wa imvi za apo ndi apo, yemwe mwana wake ali kalasi imodzi ndi wanga. Ndi mnyamata uja wa mawu aakulu, amene anali kumbuyo kwanga pamzere. Zaka zonsezi timapatsana moni, mwadzuka bwanji, tadzuka, koma za mtengo wa mango sitinakumbutsanepo ngakhale kamodzi.

"Mayi, mwana wanu wativula," anatero. "Kwathu ndinawauza kuti ndinayamba ndili ndi zaka seveni."

"Pepanitu bambo."

"Pepani wa chiyani? Koma nambala firi ija mwawonjeza, munali faifi."

"Inu munali chani?"

Anangoliza belu, n'kudutsitsa dzanja pamwamba pa chipewa mpaka kugwira khutu, uyo wapita. Mayi wogulitsa mandazi pafupi nane anaseka mpaka misozi, kenako anandinong'oneza kuti iyeyo anayamba ali ndi sikisitini, cha ku Dambe.

Dzina lija mwana wanga anamupatsadi, monga ndinanenera. Amamuti Khutu. Ndikamva ana akukuwa choncho pamsewu, mumtima mumandilasabe pang'ono, sindinama. Koma iye amayankha ndi mawu onse, ndipo pachikuto cha kope lija analembapo yekha dzinalo ndi zilembo zikuluzikulu. Loweruka amabwerabe kudzakhala nane pa tomato, ndipo anzake akamadutsa ndi iyeyo amayamba kuwaitana.