Batire Linafa, Ine N'kupha Dzina la Mlongo Wanga

Inu owerenga, ine ndine mayi wa mtima wapachala, ndipo pakamwa panga pamathamanga kuposa makina anga osokera. Sindikunena modzitama ayi. Ndalemba nkhaniyi chifukwa ndinaipitsa dzina la mlongo wanga wa bere limodzi pa mlandu umene sanapalamule, moti lero ali kutali, akuvutika m'dziko la eni ake chifukwa cha ine.

Ndimakhala ku Nsungwi, ku Area 25, ndipo ndine telala. Ndimasoka makatani, mayunifolomu a sukulu ndi makava a mipando ya galimoto. Amuna anga atamwalira anandisiyira galimoto yaing'ono yochokera ku Japan, ya mtundu umene amati haibulidi, yoyendera petulo ndi magetsi omwe. Kwa inu amene simukuzidziwa, galimoto zimenezi zimakhala ndi batire lalikulu pansi pa mpando wakumbuyo, losiyana ndi batire wamba limene tonse timalidziwa. Galimotoyo ndinkaikonda kwambiri. Mafuta akasowa m'tauni, anzanga ankaswera pa mizere ine ndikungoyenda, chifukwa inkamwa petulo ngati wodwala akumwa phala.

Koma chinthu chikakalamba chakalamba. Inayamba kulira kwambiri pa chitunda, petulo n'kumatha msanga, kenaka pa dashibodi panayaka chizindikiro chofiira chimene sichinkazima. Ndinaitengera kwa mlongo wanga Limbikani, amene anali ndi shedi yake yokonzera za magetsi a galimoto ku Biwi. Limbikani ndi wamng'ono kwa ine, ndinamubereka kumsana ndekha tili kwathu ku Dowa. Ndi munthu wofatsa, wosakonda zoyankhulayankhula, ndipo eni mahaibulidi ambiri ankamudalira.

Ataiyeza anandiuza kuti batire lalikulu latha mphamvu, likufunika kusintha. Anayendayenda m'magalaja mpaka anapeza batire labwino lochotsa m'galimoto yongofika kumene imene inachita ngozi. Za ntchito ya manja ake anakana kuti tisakambirane n'komwe. Tsiku losintha batirelo ndinali pomwepo. Anavala magolovesi a labala, n'kundiuza kuti ndiime patali chifukwa magetsi a mmenemo angaphe munthu. Atachotsa mpando wakumbuyo anandiitana kuti ndidzaone kafani kakang'ono kamene kanali katadzaza fumbi ndi tsitsi, kosaonekanso kuti ndi kafani.

"Achemwali, chapha batire lanu ndi ichi," anatero. "Batire limatentha likamagwira ntchito, ndiye kafani aka kamakoka mphepo kudzera pa timabowo iti ta m'munsi mwa mpando. Fumbi likadzaza, batire limapsa."

Mawu ake anali omveka bwino, sindingamunamizire. Koma ine mutu wanga unali utathamangira kale ku shopu. Zonse zimene ananena ndinangotolapo fumbi basi. Inu amene mumaidziwa misewu ya ku Nsungwi m'chilimwe mukudziwa kuti fumbi lake limalowa ngakhale m'sutikesi yotseka. Ndipo telala aliyense amadziwa mankhwala a fumbi: nsalu. Makina anga ndimawafunditsa nsalu, wailesi ndimaifunditsa nsalu, nanga batire latsopano lokwera mtengo chonchi ndingalisiye pambalambanda? Sindinamufunse Limbikani. Ndinkati iye amadziwa mawaya, koma za nsalu ndiye ayi.

Ndinasoka makava amene sindinasokerepo kasitomala aliyense. Kunja ndinaika nsalu yokongola yakuda, mkati siponji, pansi pake nsalu yolimba ya tenti. Ndinawakoka mpaka pansi penipeni, ndipo pa timabowo paja ndinachita kupinda kawiri n'kumanga ndi zingwe kuti pasadutse ngakhale kafumbi kamodzi. Amayi anzanga a kumpingo akakwera ankayamikira, ine n'kumadzimva kuti batire langa ndalisamala ngati khanda.

Kwa miyezi ingapo galimoto inayenda ngati yatsopano. Dzuwa litayamba kuswa mtengo mu Okutobala, ndinkamva kaphokoso kolira kumbuyo ngati udzudzu waukulu. M'malo moti ndifufuze, ndinkangokweza wailesi. Tsiku lina masana ndikupita kukasiya mayunifolomu m'tauni, chizindikiro chofiira chija chinayakanso, ndipo galimoto inafooka mpaka kuima pakati pa msewu wa M1 cha ku Kanengo. Maminibasi ankaliza mahutala, makondakitala akundinena kuti amayi mukanangokwera ife. Anthu a kabaza ndi amene anandikankhira pambali. Manyazi amenewo anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unafuna mwini wake.

Ndinamuimbira Limbikani ndili pomwepo, thukuta lili kamukamu. Iye anati ndisaigwiregwire, akubwera kuti adzaione. Ndinamuyankha kuti manja ake asadzakhudzenso galimoto ya malemu amuna anga. Apa ndi pamene ndinalakwitsa koposa, inu owerenga, chifukwa akanangotsekula chitseko chakumbuyo nkhani yonse ikanathera pomwepo.

Ndinakokera galimotoyo ku galaja ina ku Kawale. Makaniko wa kumeneko analumikiza kakompyuta kake pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga ali chiimire. Kumbuyo sanayang'aneko. Anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Mayi, batire ili ndi lakupsa. Amene anakuikirani anakudyani masuku pamutu." Sindimuimba mlandu bamboyo, chifukwa ine ndi amene ndinayamba kumufotokozera nkhaniyo ndi nkhope yofuna yankho limenelo.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka ku Biwi. Ndinamupeza Limbikani ali ndi makasitomala, galimoto zili ndandanda. Ndinamulalatira pamaso pa onse kuti batire labwino lija anagulitsa kwina, ine n'kundiikira lakufa lopukuta ndi sanza. Ndinamutcha mbava yobera mayi wamasiye. Amakaniko a m'mashedi oyandikana anasiya masipanala n'kubwera kudzaonerera. Iye sanandibwezere. Anangoti, "Achemwali, ndiloleni ndiione kaye galimotoyo." Ine ndinaona ngati kufatsako ndi umboni woti chikumbumtima chikumutsutsa.

Sindinalekere pomwepo. Ndinajambula mawu pa foni, ndikulira, n'kutumiza pa gulu la achibale ndi la amayi a kumpingo. Mukudziwa mmene zinthu zotere zimayendera mu Lilongwe. Pofika Lamlungu mawu anga anali atafika ku Area 36, ku Chinsapo, ngakhale kwa anthu amene sindinawaonepo. Ntchito ya mlongo wangayo inkayendera dzina. Mwini haibulidi amasiya galimoto yake kwa makaniko ali ndi mantha kale kuti amusinthira zipangizo, chifukwa za pansi pa mpando sangazione ndi maso. Ndiye anthu ankati, ngati wabera mchemwali wake, nanga ife achilendo atitani? Mmodzimmodzi anayamba kudzatenga galimoto zawo, zina zisanathe n'kukonzedwa komwe.

Mlamu wanga, mkazi wa Limbikani, anabwera kunyumba kwanga. Anagwada pakhonde n'kundichonderera kuti ndingomulola mwamuna wake atsekule galimotoyo kamodzi kokha, ine ndili pomwepo. Ndinamuuza kuti nayenso anadyako. Ndinamusiya chigwadire n'kubwerera pa makina. Pasanapite nthawi yaitali ndinamva kuti Limbikani wagulitsa zida zake, wakwera basi ya ku Joni, ndipo mkazi wake ndi ana abwerera kumudzi. Ndikuuzeni zoona, nditamva ndinati wathawa manyazi.

Galimoto ndinali nditaikokera kunyumba, ndipo inakhala pabwalo, yosayenda, mpaka mvula inayamba. Mkati munayamba kununkha chinyezi, ndiye Loweruka lina ndinati ndichotse makava aja ndiwachape. Nditamasula zingwe za mpando wakumbuyo, nsalu ya tenti ija inakanirira pa timabowo paja. Ndinachita kuikoka. Nditaitembenuza ndinaona kuti yalowa mkati motsatira timabowoto, mizeremizere, ngati mmene nsalu imachitira munthu akaiika pakamwa n'kukoka mpweya. Siponji ya pamenepo inali itauma gwa ndi kutentha. Kafani kaja kanakhala kakukoka nsalu yanga miyezi yonseyo, kufuna mphepo, ine ndikukweza wailesi.

Ndinangokhala pansi m'matope momwemo. Mawu a mlongo wanga anabwerera onse, tsopano athunthu, kuti batire limafuna mphepo yodutsa pa timabowo timeneti. Fumbi linapha batire loyamba pang'onopang'ono kwa zaka. Ine lachiwirili ndinalitseka pakamwa ndi manja anga, ndipo ndinachita kupinda kawiri.

Nambala yake ya ku Joni ndinachita kukaipempha kwa mlamu wanga yemwe uja, mutu uli pansi. Anandipatsa osandinyoza, zimene zinandiwawa kuposa kutukwanidwa. Limbikani atayankha ndinamufotokozera zonse ndikulira. Pa foni pankamveka phokoso la galimoto za kumeneko. Kenaka anati, "Ndinangopempha kuti ndiione, achemwali." Anandiuza kuti wandikhululukira, koma kubwerera ayi, chifukwa ku Biwi alibenso dzina loti angagwirire ntchito. Kumene aliko amatsuka galimoto za anthu, munthu amene ankamasula batire la haibulidi ngati akusenda nthochi.

Ndinajambulanso mawu ena ovomereza kulakwa kwanga n'kutumiza pa magulu omwe aja. Amayi awiri atatu anayankha kuti Mulungu andikhululukire, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawu oyamba aja anayenda mzinda wonse, koma achiwiriwa sanatuluke ngakhale mu Nsungwi. Ndinapitanso ku Biwi kukaima pamalo pomwe ndinalalatira paja, koma mu shedi muja munali mutalowa kale munthu wina wowotcherera mageti. Madzi akatayika saoleka.

Inu owerenga amene muli ndi galimoto zimenezi, pitani mukayang'ane pa mpando wakumbuyo lero lomwe. Timabowo timeneto musatitseke ndi kava, chitenje, thumba la chimanga kapena katundu wina aliyense, ndipo kafani kake muzikatsukitsa. Atelala anzanga, musanadule nsalu funsani kaye kuti galimotoyo imapumira pati. Mmisiri akamakufotokozerani, mumvetsereni mpaka amalize, ndipo mukafuna kuwonjezera nzeru zanu mufunseni. Koma langizo langa lalikulu ndi ili: chinthu chikaonongeka, amene anachikonzayo mupatseni mpata achione musanatsekule pakamwa, makamaka ngati ndi m'bale wanu. Musajambule mawu pa foni mtima uli m'mwamba, chifukwa akachoka m'manja mwanu simungawaitanenso.

Batire lina ndingalipeze tsiku lililonse ku Biwi komweko, koma galimotoyo ikadali pabwalo, sindinaikonzetse. Ndinalumbira kuti woitsekula adzakhala Limbikani, monga anapemphera. Nthawi iliyonse ndikamuimbira ndimamuuza kuti makiyi ali pa msomali, akumudikira. Iye amangoti, "Ndamva, achemwali," n'kufunsa ngati mvula ikugwa ku Dowa.