Manyowa a pa khola lakale

Kwathu kuno mitengo ya khola timaipaka oyilo wakuda wochoka mu injini kuti chiswe chisadye. Mlamu wanga amayendetsa boti yopita ku Zumbo, choncho oyilo sankatisowa. Chaka chilichonse ndinkapaka khola la mbuzi, wotsala n'kuthira m'tsinde mwa mitengo. Aliyense ankatero.

Mbuzi zitatha ndi matenda, khola linagwa. Kenako mtsinje wa Luangwa unasefukira, madzi n'kudutsa pomwepo. Ataphwa, panatsala dothi lakuda bii, lofewa.

Mkazi wanga ankasunga mbewu ya matimati ang'onoang'ono imene malemu amayi ake anabwera nayo kuchokera kutsidya. Inali itatsala yochepa, yomanga m'kansalu, ndipo panalibenso wina amene anali nayo. Kutayamba kuzizira, anandituma kukatapa manyowa a nazale pa khola lija.

"Paja tinkathirapo oyilo," ndinatero.

"Atate ake, madzi anakokolola chimbudzi chathunthu, alephere oyilo? Tengani wilibala."

Manyowa sanakwane bedi lonse. Kumapeto kunatsala mchenga wokhawokha.

"Mbuzi zanu zinali zoumira ngati mwini wake," anatero, n'kufesa mbewu yonse.

Pothirira ndinaona kuti madzi sakulowa bwino, akungoyenderera pamwamba. Mbande zinamera, zinachita chikasu, kenako zinagona.

Mlangizi wa zaulimi, mayi wochokera ku Chipata, anatipeza ku dimba. Anatapa dothilo, n'kulitikita m'manja, n'kununkhiza. Anati oyilo sagwirizana ndi madzi, koma amakakamira pa zinthu zowola monga ndowe, masamba ndi mizu. Pamchenga akanasowa pogwira. M'manyowa anagwira, ndipo amachoka pang'onopang'ono, kwa zaka.

"Ndiye kusefukira konse kuja?" anafunsa mkazi wanga.

"Kunangotsuka pamwamba, amayi."

Kumchenga kuja kunapulumuka mbande zochepa, zowonda ngati udzu. Mkazi wanga anaziwokera pafupi ndi chitsime, n'kuzitchingira ndi minga. Zitabereka, analetsa aliyense kuthyola. Matimati oyamba anapsera pamtengo, iye n'kuwafinyira pansalu, n'kuyanika. Tinayamba kudya mbewu itauma.

Pa khola lakale sitidzalapo kanthu. Alendo amafunsa chifukwa chake tikusiya dothi labwino chotero. Ndimawauza kuti atape, anunkhize.