Miyendo ya Amake Joshua

Pa siteshoni ya Nyimba basi ikaima, amagulitsa nthochi ndi amene wafika msanga pa windo. Wochedwa amabwelela ndi lichelo lodzaza. Ine ndagulitsa pamenepo zaka khumi ndi zinayi, ndipo zaka zonsezo pambali panga panali a Bernadette, amake Joshua, mai wamasiye wochokela kwa Nyalugwe, amene ankalela ana anayi ndi nthochi zomwezi.

Anali ndi thupi, kunena zoona. Kale sizinali kanthu, koma atachuluka atsikana opepuka miyendo, amake Joshua ankafika pa basi kondakitala akutseka chitseko. Tinkawaseka, inenso ndinkaseka nao, ndipo lelo ndikakumbuka ndimachita manyazi. Iwo mantha ao anali amodzi: miyendo ikadzakana, ana adzadya chiyani?

Chaka chatha ku kiliniki anawapeza ndi matenda a shuga. Anawapatsa mapilitsi, nawauza kuti achepetse thupi pang'onopang'ono. Sabata yomweyo kunatsika a Wilbroad, bambo wa tayi wochokela ku Petauke, ndi chikwama chodzaza mabotolo. Anali mankhwala amadzi, dzina lake chitosani. Ati amapangidwa ndi makoko a nkhanu, ati ukamwa supuni ziwili usanadye amagwila mafuta onse m'mimba n'kupita nao kuchimbudzi. Koma pakamwa pa bambo uja! Anawauzanso kuti shuga amakhala m'mafuta, mafuta akatha nayenso amatha, ndiye mapilitsi ndi a chiyani. Amake Joshua anaponya mapilitsi m'kabati, nayamba botolo.

Ndipo anaondadi. Pa miyezi itatu chitenje chinayamba kuwazungulila kawili. Ankafika pa windo pamodzi ndi atsikana aja, madzulo lichelo lili mbee. Ine, ndi pakamwa pangapa, ndinawauza kuti abwelela ku utsikana. A Wilbroad anawajambula pa foni n'kumaonetsa anthu m'mabasi, ndipo amai ena atatu a pa siteshoni anagula.

Zina tinkaziona ndithu, koma tinkangoti ndi dzuwa. Chigubu cha madzi chinkatha nthawi isanakwane twelofu, ndipo kuchimbudzi ankapita kosalekeza. Tsiku lina anandinong'oneza kuti pamene ataya madzi pamasonkhana nyelele. Atafunsa a Wilbroad, iwo anati ndi mafuta amene akusungunuka, aonjezele supuni yachitatu. Munthu wouma mtima ngati ameneyo sindinamuonepo.

Mu Okutobala, kukutentha koopsa, ndinaona magazi pa patapata wao. Waya anali atalowa pansi pa chala chachikulu, eni ake osamva chilichonse. Anaseka, namangapo kansalu, chifukwa basi ina inali kulowa. Ndinawachondelela kuti apite ku kiliniki. Anakana, ati anesi akawakalipila za mapilitsi, komanso tsiku limodzi lokhala pa mzele ndi tsiku limodzi la njala kunyumba. Patatha masabata atatu chala chinada bii, ndipo fungo linayamba kuthamangitsa ogula. Tinachita kuwanyamula, kuwakweza galimoto yopita kuchipatala ku Petauke akulila.

Dokotala sanakalipe. Anafotokoza modekha kuti si botolo limene linawaondetsa. Anali shuga, amene ankadya thupi lao kuyambila tsiku limene anasiya mapilitsi. Mwendo anaudula pansi pa bondo. Foni ya a Wilbroad siilowanso, ndipo ndamva kuti tayi yao ikuoneka m'mabasi a kwina.

Dzulo masana ndinapita kukawaona, lichelo langa lili pamutu. Nyumba yao ili kuseli kwa msika, ndipo phokoso lonse la pa mseu limafika pakhonde. Ndinawapeza pa kampando, ndodo zili pambali, nkhope yatha. Mapilitsi ayambanso kumwa. Anandifunsa kuti malo ao pa siteshoni watenga ndani, ndinawanamiza kuti tikuwasungila. Anangondiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti bodza langa alimva.

Tili pomwepo, basi ya ku Lusaka inaliza hutala. Amake Joshua anadzambatuka, dzanja likufufuza lichelo, naponda ndi mwendo umene kulibe. Anagwa chafufumimba pa dothi. Ndinawadzutsa, ndikuwasansa fumbi m'mapewa, misozi ili chuchuchu m'maso mwanga. Iwo anandikankha dzanja.

"Amake Edmond, mukuimilila chiyani? Thamangani, ikusiyani."

Ndinasenza nthochi zanga, ndinawasiya pakhondepo, ndipo ndinathamanga.