Mpunga wogawira alonda

Achimwene anga ndi munthu woumira. Chibadwire sanandigulireko ngakhale fanta, ndiye atandiimbira foni kuti ndikapume nawo sabata yathunthu kumalo osungirako zachilengedwe kummwera kwa Doha, kumene mapiri a mchenga amatsikira m'nyanja, mtima wanga unakana. Abwana awo anali ndi matenti kumeneko a nyengo yozizira, koma chaka chimenecho ankaopa kolona, choncho anatuma achimwenewo, dalaivala wawo, kuti akayang'anire malowo pamodzi ndi alamu anga.

Ine ndinali nditangosiya ntchito ya m'nyumba ku Al Murra. Lamulo linali litasintha, munthu unkatha kuchoka osagwadira bwana, ndipo hotela ina ku The Pearl inkandiyembekeza sabata yotsatira. Koma maganizo anga sanali pamenepo. Amayi kumudzi anali atagonekedwa m'chipatala akubanika, ndipo mawu awo anali atandisowa. Ndikaimba, mng'ono wanga sankayankha, ankangolemba kuti amayi akugona.

Kwathu uthenga wa maliro sauponya ngati mwala. Amati matenda akula, amakukhazika pansi, amakudyetsa, kenako amapeza wamkulu woti alankhule. Ndinakulira m'mwambo umenewu, ndiye ndinafika kuchipululuko makutu ali tcheru.

Alamu anga, omwe pakamwa pawo m'pakuthwa ngati lumo, anandiyalira matiresi abwino n'kundiletsa kutsuka mbale.

“Alamu, mwadwala kodi?” ndinawafunsa.

“Iii, munthu asakuchitire zabwino? Yalla, tiyeni, idyani.”

Achimwene ankakwera phiri la mchenga ndi foni, ati netiweki imagwira pamwamba pokha. Tsiku lina ndinawatsatira, mchenga ukundimeza mapazi, ndipo atangondiona anayamba kukamba za matayala a galimoto mokweza mawu. Maso awo anali ofiira. Anati ndi mchenga. Mchengawo unkasankha iwo okha, ife ena n'kumatisiya.

Nditawapanikiza, ananditsegulira uthenga wa mawu pafoni yawo. Anali amayi: “Ndilipo mwanangu, musade nkhawa.” Kumbuyo kunkamveka mvula pa malata ndi tambala akulira. Chipatala chanji chokhala ndi atambala? Ndinadzifunsa, koma ndinafunitsitsa kukhulupirira, ndipo ndinakhulupirira. Madzulo ake ndinaviika miyendo m'nyanja, ndinakwera ngamila, ndinaseka mpaka kutsokomola. Ndinafika podzidzudzula kuti ndine munthu woipa mtima, wokayikira abale ake omwe.

Tsiku lomaliza achimwene analawirira kumsika, nabwerako ndi thumba la mpunga ndi nyama ya mbuzi yoti tikanadya mwezi. Anabwereka chimphika kwa anthu okweza alendo ngamila, anavala mkanjo woyera, alamu n'kumaphika. Zitapsa anayamba kugawa m'mbale, kupititsa kwa alonda a pachipata, kwa otola zinyalala, kwa aliyense wodutsa.

“Achimwene, mwayamba liti kudyetsa dziko?”

“Ndi Friday, chemwali. Thawabu basi, mphotho ya kwa Mulungu.”

Sanandiyang'ane. Ife Asilamu a kwathu, munthu akamwalira, pakatha sabata timaphika sadaka n'kugawira anthu kuti amupempherere. Achimwene anatha kubisa misozi, anatha kubisa foni, koma kuwamana amayi sadaka zinawakanika. Ndinakhala pansi pa mchenga. Kufunsa ndinaopa, chifukwa malinga ngati ndinali ndisanafunse, amayi anali m'chipatala akugona.

Kenako anabwera mlonda wina wachikulire wa ku Sudan kudzabweza mbale. Anaima patali monga mwa malamulo a nthawiyo, anatsitsa masiki, naika dzanja pachifuwa. M'Chingelezi chake chothyokathyoka anandiuza kuti pepani mlongo wanga, Mulungu awachitire chifundo mayi anu, tawapempherera tonse.

Alamu anagwetsa chikho. Achimwene anabwera n'kugwada patsogolo panga.

“Chemwali, amalume ndi amene anati tidikire. Tikanakuuza ukanakwera ndege, uko quarantine, pobwera quarantine, ntchito ya new khalasi, yapita. Timafuna uyambe kaye, usaine ma papers.”

“Munawaika liti?”

“Tsiku lomwe ndinakuimbira lija.”

Ndinakwiya mkwiyo umene sindinaumvepo. Ntchitoyo inali yanga, ndipo kuitaya kapena kuisunga ndikanasankha ndekha. Lamulo linali litandimasula kwa bwana, koma abale anga anandisankhira ngati kamwana. Otola zinyalala anadziwa, a ngamila anadziwa, anadya n'kunena amina, mwana wa malemu ndikungozungulira tenti ngati mlendo.

Achimwene anatambasula manja kuti andigwire, ine ndinawakankha. Ndinatembenukira kwa mlonda uja, yemwe anali chiimire ndi mbale m'manja osadziwa chimene walakwa, ndipo maliro a amayi anga ndinalirira pamaso pa iyeyo, chifukwa ndi yekhayo amene anandipepesa.