Kodi Tileke Kuwathirira Shuga mu Tiyi?

Loweruka lapitali ndinaperekeza msuweni wanga Esinala ku Kasakula kukaona bambo ake, amene ndi atsibweni anga. Wabwera kutchuthi kuchokera ku Mangalande. Digiri ya udokotala anatenga kale, koma akadali konko, kufufuza za matenda ofooketsa ubongo wa okalamba.

Atsibweniwo tinawapeza m'chigafa, akusoka fodya. Esinala anagwada, nawapatsa moni. Iwo anamuyang'ana kwa nthawi, kenaka anafunsa mwaulemu wonse: "Mayi, mwachokera kuti?"

Mwana wawo weniweni! Amene ankamukweza panjinga popita naye kusukulu!

Esinala sanalire. Anangoti, "Ndachokera kutali, bambo," nakhala pansi, natola tsamba.

Amayi ake, a Nabanda, sanachedwe. "Iwe ndiwe dokotala. Mankhwala ake wabwera nawo?"

Esinala anafotokoza kuti iye si dokotala wa jakisoni. Anati m'thupi muli tinthu ting'onoting'ono totchedwa mapuloteni, ndipo pa tinthuto pamamatirira timashuga. Iye ndi anzake akuganiza kuti timashugato tikamatirira molakwika, mwina ndi pamene ubongo umayamba kufota. Mawu oti "mwina" anawabwereza ndithu.

A Nabanda anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Ndiye tileke kuwathirira shuga mu tiyi?"

"Ayi amayi, si shuga ameneyo. Athirireni, amwe asangalale."

Tonse tinaseka, atsibweni nawonso anaseka, ngakhale sindikudziwa ngati anamva nkhani yake.

Pobwerera ndinamufunsa mosabisa ngati ntchito yakeyo idzathandize bambo ake. Anapukusa mutu. "Iwowa ayi, achimwene. Kapena ana athu, kapenanso zidzukulu."

Abale anga owerenga, ife timakonda sukulu yooneka phindu lake msanga. Mwana akamaliza, timafuna timuone ali mu ofesi, tayi ali pakhosi. Za Esinala anthu amandifunsa kuti, "Sukulu yakeyo siikutha bwanji? Akulephera mayeso?" Koma mbewu ya chimanga ya makono imene tikuitama lero, mukuganiza kuti inapezeka m'nyengo imodzi? Wina anakhala chiweramire zaka, anzake akumuseka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanditsitsa mtima kwambiri ndi chimene ndinaona pamudzipo. Atsibweni akasochera, amene wakumana nawo amawagwira dzanja n'kuwabweza kwawo. Tsiku lina, akuti, anafika mpaka kumsika, ndipo mwini golosale, bambo wachisilamu, anawakhazika pampando nawapatsa tiyi kufikira a Nabanda atabwera. Esinala atamva zimenezi anati kumene amakhalako okalamba otere ambiri amakasungidwa kunyumba zapadera, kutali ndi abale. "Zimene mukuchita kuno," anatero, "ndiwo mankhwala amene alipo pakali pano."

Komatu si midzi yonse yotero. Tonse tikudziwa kumene gogo akangoyamba kulankhula zosokonekera, kapena kupezeka pakhomo pa eni asakudziwa kuti wafikapo bwanji, anthu amayamba kunong'onezana za ufiti. Ana amauzidwa kuti asalandire chakudya kwa iye. Pamene munthuyo akungodwala, monga adwalira wa chifuwa.

Esinala abwerera kuntchito yake mwezi wamawa, ndipo ine ndikumufunira mtima wodekha womwewo. Yankho lake lidzafika pa nthawi yake.

Nanga podikirapo, nkhalamba ya m'mudzi mwanu ikaiwala njira ya kwawo, inu mumaitcha chiyani?