Mailo a Ambuya

Lichelo lija ndimalionabe m'maso mwanga: lakuda ndi utsi, mkombelo wake womangidwa ndi waya pamene unathyoka. Chaka chimene ambuya, atate ao a amai, anayamba kuiwala, lichelolo linaleka kupeta, linasanduka sukulu.

Tinali kukhala ku Nyimba, kuseli kwa masitolo, pafupi ndi mseu waukulu. Ambuya anali atayamba kumangochoka osatsazika. Tsiku lina anyamata a chipani anawapeza pamsika nawafunsa khadi, koma nkhalamba inalephela kutchula ngakhale dzina lake. Anabwela nao kunyumba atawagwila dzanja. Amalume atamva, anakwela basi kuchokela ku Petauke. Mau ao anali ochepa: tikamamaliza kukumba nshawa, mtedza uja, mutu wa ambuya usanabwelele, adzawapeleka ku Lusaka, kuchipatala cha odwala misala. Amai ankakhulupilila kuti wopita kumeneko sabwelela.

Nzelu ya lichelo anatipatsa ndi aphunzitsi anga, mai wochokela kumpoto amene Chinyanja chao chinkanunkhila Chibemba. Anati mutu wa ambuya tisaulole kugona. M'mawa uliwonse tiziika m'lichelo zinthu zimene amazidziwa, aziyang'ane, tiphimbe ndi chitenje, atchule zimene zili pansi. Tikatelo tiziwafunsa funso limodzi la zadzulo: "Mailo munachita chiyani?"

Amai ankalawilila kumunda, ndiye nchitoyo inagwela ine. Ndinkaika chipeso, kabotolo ka fodya, belu la njinga yao yakale ndi nshawa pang'ono. Aa, ndinaona zakuda. Ndikaphimba, ambuya ankayang'ana chitenje n'kufunsa kuti ndani wamwalila. Ndikavundukula, ankatola nshawa n'kuyamba kutafuna mayeso anga. Belu ankaliliza mpaka nkhuku kubalalika. Ine ankandiitana ndi dzina la mlongo wao amene anamwalila ndisanabadwe. Anzanga akusewela chiyato kuseli kwa nyumba, ndikumva miyala ikugwa, ine ndili pamphasa ndi fungo la fodya, kubweleza zomwezomwezo.

Koma chondipsetsa mtima kwambili chinali funso lija. Kwathu mailo ndi dzulo, mailo ndi mawa, umadziwila pa mau otsatila. Ambuya mau otsatilawo sankawamva. Ndikati, "Mailo munachita chiyani?" ankawongola khosi n'kuti, "Mailo ndikwela lole ya kumigodi." Munthu woti kumigodi anachokako amai ali mwana! Ndinkamenya mphasa ndi dzanja. "Ambuya, osati mailo akubwela, mailo apita." Iwo ankangonditamanda kuti ndili ndi mano abwino.

Mpaka lelo zimandinyansa, koma ondinyansa si ambuya. Panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe wotiuza kuti matenda oiwalawa sachila, kuti lichelo likanangowachedwetsa pang'ono ndi kuwapatsa wokhala nao. Anatisiya tikuganiza kuti ndi mayeso, ndipo mayesowo anawasenzetsa mwana wa sukulu.

Nshawa zitatsala mizele yochepa, ambuya anatulukanso. Anawapeza ataima pakati pa mseu, lole itaima chopingasa, fungo la matayala opsa lili tolo. Tsiku lomaliza kukumba amai anatitenga tonse kumunda, poopa kuwasiya. Ambuya anakhala pansi pa mtengo, ine ndinadzitema ndi khasu chala cha kuphazi.

Kutacha amalume anafikanso. Anakhala pampando, lichelo osalifunsa n'komwe. Anakonza kukhosi nati, "Atate, mailo tinyamuka ndi basi ya m'mawa."

Ambuya anadzutsa mutu. "Mailo? Mailo tinali kumunda. Kamwana aka kanadzitema ndi khasu, kanalila ngati mbuzi."

Panalibe amene anawaphunzitsa zimenezo. Nyengo yonse ndinali kudikila yankho limeneli. Ndinalumpha, kupweteka konse kuiwala, n'kukweza phazi langa lomanga sanza pamaso pa amalume kuti aone okha. "Akhoza, amalume, akhoza!" Ndinathamangila lichelo kuti tionetsenso zina. Pobwelela ndinapeza amalume akuyang'ana pansi, amai akupitiliza kupinda bulangeti la ambuya, pang'onopang'ono, osandiyang'ana.

Basi inabwela m'mawa mwake. Ambuya anakwela mosangalala, belu lili m'thumba, akuuza aliyense kuti akupita kumigodi. Ine ndinatsala m'mbali mwa mseu, fumbi lili m'kamwa, nditakwiya ndi wina aliyense. Kusukulu wokhoza sankamuchotsa. Ndinapita kwa aphunzitsi kukawaneneza amalume kuti abela mayeso, poti sindinkadziwa kuti nyengo yonse ija panalibe amene ankachonga.