Kabawo

Kwathu ku Dowa bawo sankaseweredwa pakhomo pathu. Bambo anga sanali munthu wa mkwapulo, koma tsiku lina atandipeza kuseri kwa nkhokwe ndikukumba timaenje, timiyala tili m'manja, anathyola nthambi ya mpichesi. Atamaliza anafotsera maenjewo ndi phazi, limodzilimodzi, n'kunena kuti, "Agogo ako anafera zimenezi."

Nkhaniyo tonse tinkaidziwa, ngakhale sinkakambidwa pagulu. Agogo anatengedwa kupita ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse bambo akadali kumsana, ndipo sanabwerere. Mnzawo wa mudzi woyandikana amene anabwerako, munthu wogontha khutu limodzi komanso wodana ndi mafunso, anangouza abale kuti, "Uja tinamusiya pa kabawo." Zotsalazo anthu anasokerera okha: akuti anakangana ndi msilikali mnzawo pamasewera, wina n'kusolola mpeni. Anzawo kufa ndi zipolopolo, iwo kufera nkhomo za bawo. Dzina lawo silinapatsidwe kwa mwana aliyense. Ine ndili ndi ana aamuna awiri, ndipo powatcha maina sindinaliganizireko n'komwe.

Tsopano ndimakhala ku Balga, kuno ku Perth. Ndimasamalira okalamba pa nyumba ina kufupi ndi Morley: kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa. M'chipinda chakumapeto munali mkulu wina wachizungu, mphunzitsi wopuma. Moyo wake wonse tchuthi chikafika ankayendera malo amene kunamenyedwa nkhondo. Anali ndi shelefu yodzaza mabuku otsogolera alendo kumalo otere, ndi mapu opindapinda omatidwa ndi selotepi. Kumene anafikako ankachonga ndi pensulo yofiira. Maso atafooka, ntchito yowerenga inagwera ine, mphindi khumi ndikatha kumumeta ndevu.

"Lero tikupita kuti, bwana?" ndinkafunsa choncho.

"Kulikonse kopanda phala la ootsi," ankatero.

M'mawa wina anati nditenge buku la Burma. Kumeneko sanachongeko, mawondo anamukaniza ulendo usanatheke. Ndinayala mapu pabulangete, iye n'kugwira dzanja langa kuti chala changa chiyende pa muvi wakuda wotsika pakati pa mapiri ndi mtsinje.

"Anthu akwanu anadutsa umu," anatero. "Asilikali akuda ochokera kum'mawa kwa Afirika, a Nyasaland ali momwemo. Nthawi ya mvula. Werengani dzina la chigwacho."

Linalembedwa kuti Kabaw. Lilime langa linachita zimene limachita ndi mawu onse achilendo.

"Kabawo," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwawonjezeranso chilembo! Inu liwu simungalisiye lotsegula, mpaka mulitseke chitseko?"

Sindinaseke. Ndinakhala pabedi pake, chinthu chimene malamulo a ntchito amaletsa. Atafunsa ngati ndikudwala, ndinamufotokozera za timaenje tija, mwachidule. Nditamaliza anati, "Werengani tsamba lonse. Musalumphe."

Ndinawerenga. Bukulo linkanena za matope omeza galimoto, malungo, nthenda ya nthata za m'tchire, chakudya choponyedwa kuchokera m'ndege, ndi mitembo ya adani yosiyidwa m'njira. Linkalangizanso mlendo za nsapato zoyenera ndi mwezi wabwino wopitira. Za munthu wa ku Dowa munalibe.

Ndinasunga nkhaniyi milungu itatu. Ndine munthu wosakonda kunena chimene sindingachiikire umboni. Bwanji ngati kunalidi bawo? Asilikali amasewera. Ndinapita ku laibulale ya ku Morley, ndinafufuza pa kompyuta, ndinalemba dzina la agogo m'malembedwe anayi osiyana, popeza sindidziwa mmene kalaliki wachizungu analimvera. Sindinapeze kanthu. Nthawi yomweyo mlongo wanga ankatumiza mauthenga kuti bambo miyendo yatupa, ndipo chakudya akungochilawa.

Mkazi wanga ndi namwino, sazungulira. Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi anazimitsa galimoto pageti n'kunditembenukira.

"Bambo a ana, mukufuna satifiketi yodinda kuti muyankhule ndi bambo anu? Kapena mudzawauza ali m'bokosi?"

"Nanga ndikawanamiza?"

"Zaka makumi asanu ndi atatu akhala ndi bodza la eni ake. Lanulo lili ndi mapu."

Mkulu uja anandibwereka mapuwo. Loweruka nthawi ya 2 koloko masana, kwathu ili 8 koloko m'mawa, ndinawayala pathebulo n'kuimba foni ya vidiyo. Mlongo wanga ndiye anagwira foni. Bambo anali pampando wa ndalema pakhonde, atafunda jekete dzuwa likuwala.

"Mwadzuka bwanji, ababa?"

"Tadzuka. Kodi kumeneko sakukudyetsa? Khosi ngati la nkhanga."

Ndinatembenuza kamera kuti ione pepala. Ndinawauza kuti uwu ndi mtsinje, awa ndi mapiri, ndipo apa pakati ndi chigwa chimene asilikali akwathu anadutsamo. Ndinatchula dzina lake monga timatchulira ife.

"Wati chiyani?"

"Kabawo, ababa. Ndi dzina la malo."

Mlongo wanga anati, "Mayo ine," foni n'kupendekeka. Kwa kanthawi ndinkangoona denga la malata. Atayiwongola, bambo anali chiyang'anire.

"Ndiye bawo panalibe?"

"Sindingalumbire. Koma malowo alipo, ndipo anthu ambiri anatsala kumeneko."

"Anafa ndi chiyani?"

"Sindikudziwa. Mwina mfuti, mwina malungo."

"Manda alipo?"

"Buku limene ndinawerenga silikuonetsa manda m'chigwamo. Ndipo pano sikupitika, kulinso nkhondo ina."

Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti nkhope yawo ipepuka. Sinapepuke.

"Amayi anamwalira akutukwana amuna awo," anatero. "Ine pa sukulu ankanditcha mwana wa kabawo. Ndinamenyana mpaka dzino ili." Anakweza mlomo kundionetsa mpata umene ndauona moyo wanga wonse osafunsa. "Munthu anafera m'matope a eni, ife kuno tikumuchitira manyazi."

Za nthambi ya mpichesi sanatchule, inenso sindinatchule.

Kenako anauza mlongo wanga kuti asendeze foni pafupi. Anaika chala pagalasi, pamene ankaona chigwacho, dzanja n'kuphimba kamera, moti kwa ine chithunzi chinada. Mumdima womwewo ndinawamva akutchula dzina la bambo awo. Dzinalo ndinkalidziwa kuchokera kwa azakhali, monong'ona. Pakamwa pa bambo ndinali ndisanalimvepo. Analitchula kawiri, mokweza, ngati akuitana munthu ali kudimba.

"Ulembe pamenepo," anatero. "Pa pepala lakolo."

Lolemba ndinapempha chilolezo kwa mwini mapu. Anati nditenge bolopeni m'dirowa, ndilembe zilembo zikuluzikulu.

Bambo anamwalira mvula isanayambe. Mkulu uja anawatsatira patapita miyezi ingapo, ndipo mwana wake wamkazi, pochotsa katundu m'chipinda, anandisiyira mapuwo. Ali m'kabati, pamodzi ndi mapasipoti. Dzina la agogo lili pakati pa mtsinje ndi mapiri, pambali pa muvi wakuda. Bolopeni ija sindinaigwiritse ntchito. Ndinalemba ndi pensulo.